Masheya a malemu ku NBS Bank: zaka zopanda dividendi ndi fomu ya 2017 imene sinabwezedwe

Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito yolangiza anthu pa za masheya, komanso mabanja amene apeza mapepala a masheya m'sutikesi ya malemu koma sakudziwa poyambira. Banja lake sindilitchula, ndipo masheya awo ndawaika pa 10,000 kuti masamu aziyenda mosavuta. Ziwerengero za banki ndi zimene banki yomwe inalengeza poyera.

Zimene banja linabwera nazo

Anabwera atatu: mayi amasiye, mwana wawo woyamba wamwamuna, ndi mchemwali wake. Malemu anali mphunzitsi wapulaimale. Anayamba kusunga ndalama ku New Building Society kalekale, nthawi ya kabuku kodinda pakauntala, ndipo banki italowa pa msika wa masheya mu 2007 anagulako. Mu envulopu yakhaki munali setifiketi ya masheya, timapepala ta dividendi (gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya) ta zaka zoyambirira, ndi kalata yokhuthala ya mu 2017. Kalatayo inali yotsegula, fomu yake yosalembapo kanthu, koma kuseri kwake malemu analemba ndi pensulo: 30,000 kuchulukitsa ndi 5.40, yankho 162,000, n'kudula mzere kawiri kunsi kwake.

Mafunso anali awiri. Mwana wamwamuna ankafuna kudziwa chifukwa chimene timapepala ta dividendi tinalekezera panjira, ndipo maganizo ake anali oti agulitse zonse, agawane, nkhani ithe. Mayi ankangofuna kudziwa ngati chimene anasiya amuna awo chili ndi phindu kapena ndi pepala chabe. Mafunso onsewa sangayankhike popanda mbiri ya kampaniyo, choncho ndinayambira kumeneko.

Kumene banki inachokera

NBS sinabadwe ngati banki. New Building Society inakhazikitsidwa mu 1964, chaka cha ufulu, pophatikiza mabungwe atatu a ngongole za nyumba amene analipo nthawi ya chitaganya: Central African Building Society, Commonwealth Century Building Society ndi First Permanent Building Society. Kwa zaka 40 ntchito yake inali imodzi: kusunga tindalama ta anthu wamba n'kubwereketsa ofuna kumanga kapena kugula nyumba. Mu 2004 inasanduka banki yeniyeni, ndipo mu June 2007 masheya ake anayamba kugulitsidwa pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Mwini wake wamkulu ndi NICO Holdings, imene ili ndi masheya opitirira theka pang'ono. NICO yomweyo ndi imene inali kampani yoyamba kulowa pa msikawu mu 1996.

Mbiri imeneyi ili ndi ntchito pa nkhani yathu. Anthu ambiri amene anagula masheya mu 2007 anali makasitomala akale a kabuku aja: aphunzitsi, anamwino, apolisi, opuma pa ntchito. Anazolowera kuti ndalama ikakhala ku NBS imabereka chiwongoladzanja chaka ndi chaka, osaphonya. Masheya anawatenga chimodzimodzi. Palibe anawakhazika pansi n'kuwauza kuti wasunga ndalama ndi wobwereketsa banki, pamene wagula masheya ndi mwini banki, ndipo mwini amadya pomaliza.

Chifukwa chimene dividendi inaimira

Mu May 2012 kwacha inagwetsedwa mphamvu, dola imodzi kuchoka cha pa K168 kufika pa K250, ndipo inapitirira kutsika. Mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti opitirira 20 pachaka kwa zaka zingapo zotsatizana. Pofuna kuziziritsa zinthu, Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake mpaka 27 peresenti kumapeto kwa 2015, ndipo wobwereka ku banki ankalipira choposa pamenepo. Kenako madzi osefukira a 2015 ndi chilala chotsatira zinaononga zokolola. Amalonda ang'onoang'ono, amene NBS inkawabwereketsa kwambiri itasanduka banki, ambiri analephera kubweza. Si NBS yokha inavutika. Mu 2015 boma linagulitsa Malawi Savings Bank kwa FDH, italemedwa ndi ngongole zosabwezedwa, ndipo Indebank inapita kwa National Bank.

NBS inaluza pafupifupi K4.3 biliyoni mu 2016, n'kuluzanso pafupifupi K1.1 biliyoni mu 2017. Pa zaka zimenezo dividendi panalibe, ndipo apa m'pamene ndinakhalitsa ndi banjali, chifukwa anthu ambiri amasokonezeka pomwepa.

Mwana wamwamuna uja anafunsa funso lomveka. Anati: "Bwana, banki sinatseke. Anthu ankaika ndalama tsiku ndi tsiku, ma ATM ankatulutsa. Ndiye ndalama zoti apatse bambo zinasowa bwanji?" Yankho lake n'loti ndalama zimene mumaona ku banki si za banki. Ndi za osunga. Za eni ake ndi mpamba wokha, ndipo dividendi imachokera pa phindu limene laonjezera mpambawo. Ku banki m'khonde, December ikakwana bokosi limatsegulidwa, aliyense amatenga zake ndi phindu lomwe, bokosi n'kutsala lopanda kanthu mpaka January. Banki singachite zimenezo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa lamulo limafuna kuti pansi pa bokosi pazikhala ndalama za eni ake nthawi zonse, zoti zikaonongeka ngongole, zizitha izo poyamba za osunga zisanakhudzidwe.

Mu January 2014 mabanki a kuno anayamba kutsata malamulo a mpamba wa mabanki otchedwa Basel II. Mwachidule, pa K100 iliyonse imene banki yabwereketsa, ikawerengedwa molingana ndi chiopsezo chake, K10 iyenera kukhala mpamba weniweni wa eni ake, ndipo mpamba wonse pamodzi usatsike pa K15. Banki ikaluza, ndalama yoluzayo imadulidwa pa mpamba womwewo. Ndiye taganizani: K4.3 biliyoni yachoka pa mpamba wa banki yaing'ono. Kwacha iliyonse imene ikanatuluka ngati dividendi ikanachotsa mphamvu yobwereketsa pafupifupi K10. Komanso bodi sikanatha ngakhale ikanafuna. Lamulo la makampani la 2013 sililola kugawa ndalama ngati kampani itsala yosatha kulipira ngongole zake, ndipo Gavanala wa Reserve Bank, amene ndiyenso woyang'anira mabungwe a zachuma, ali ndi mphamvu yoletsa banki yoperewera mpamba kugawa dividendi.

Ndiye ndinawauza mayi mosapita m'mbali kuti palibe ndalama ya amuna awo imene inasowa pa zaka zimenezo. Dividendi imene sinalengezedwe si ngongole. Sibwera pambuyo pake, ndipo palibe amene angaisumire.

Kalata ya 2017

Kwa ine, tsamba lofunika kuposa onse mu envulopu ija linali fomu yosalemba ija.

Mu 2017 banki inapempha eni ake kuti aonjezere mpamba wa K11.8 biliyoni kudzera mu chimene pa msika timachitcha rights issue: aliyense amene ali ndi masheya amapatsidwa mwayi woyamba wogula atsopano molingana ndi amene ali nawo kale. Pa sheya imodzi iliyonse munthu amaloledwa kugula atatu, pa mtengo wa K5.40. Masheya onse a banki anachoka pa 727 miliyoni n'kufika pa 2.91 biliyoni. Chaka chomwecho banki inagwirizana ndi Rabobank ya ku Netherlands kuti ithandize kukonza kayendetsedwe ka ntchito, ndipo cha pa nthawi yomweyo a Kwanele Ngwenya anabwera kudzakhala mkulu wa banki.

Malemu anamvetsa bwinobwino zimene ankapemphedwa, masamu a pensulo aja akuchitira umboni. Ankayenera kupeza K162,000. Mayi anakumbukira kuti nthawi imeneyo mchemwali uja anali ku koleji ya unamwino ndipo fizi inali pakhosi. Ndipo ndani akanawadzudzula? Kampani imene yangoluza mabiliyoni, yasiya kukupatsa kanthu, ikubweranso kudzapempha ndalama yoposa penshoni yako ya mwezi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero akuluakulu, ndipo fizi ya mwana inali pamphuno. Ndimakana anzathu ena a ntchito ino akamanena za anthu otere ngati anagona. Mu 2017 palibe ankadziwa kuti zitha bwanji, ndipo Malawi Savings Bank inali itangogulitsidwa kumene.

Komabe zotsatira zake ziyenera kunenedwa momwe zilili. Malemu anatsala ndi masheya awo 10,000, osachepa ngakhale imodzi, koma tsopano anali 10,000 mwa 2.91 biliyoni, osati mwa 727 miliyoni. Gawo lawo mu banki linatsika kufika pa limodzi mwa magawo anayi a limene anali nalo. Mnzawo amene anali ndi masheya ofanana n'kulipira K162,000 ija anakhala ndi 40,000, gawo lake osasintha. Kuyambira pamenepo, kwacha iliyonse ya dividendi pa sheya imabweretsa K10,000 kwa banja lino ndi K40,000 kwa mnzawoyo, msonkho usanadulidwe.

Mwana wamwamuna atamva izi anati ndiye kuti bambo analandidwa. Sindinavomereze, ndipo sindivomereza. Amene analipira anabweretsa ndalama zatsopano, K11.8 biliyoni imene panalibe, ndipo ndi ndalama imeneyo imene inaimiritsa banki. Popanda iyo, gawo lalikulu la malemu likanakhala gawo lalikulu la kampani yosaloledwa kubwereketsa. Amene sanalipire anapulumutsidwa ndi ndalama za anzawo, ndipo mtengo wa chipulumutsocho unali kuchepa kwa gawo. Chimene chimandipweteka ine ndi china: makalata otere amabwera m'Chingerezi cha maloya, masiku oyankhira ndi ochepa, ndipo munthu wa kumudzi alibe woti amufunse. Ambiri sadziwa n'komwe kuti sukakamizidwa kutenga zonse kapena kusiya zonse. Malemu akanatha kufunsa za kutenga gawo lochepa malinga ndi thumba lawo. Limeneli ndi bala la msika wathu wonse, ndipo ife olangiza tili ndi udindo wofika kumene makalatawo amafika.

Phindu litabwerera

Mu 2018 banki inapeza phindu la pafupifupi K1.7 biliyoni. Mu 2019 linafika pa K4.5 biliyoni, mu 2020 pa K7 biliyoni, mu 2021 pa K7.7 biliyoni. Kenako linathamanga: K18.9 biliyoni mu 2022, K29.4 biliyoni mu 2023, ndi pafupifupi K73 biliyoni mu 2024. Mpamba utakhazikika, dividendi inayambanso kutuluka ndipo yakhala ikukwera.

Mabiliyoni amenewa munthu wa masheya 10,000 samuuza kanthu mpaka atawagawa ndi chiwerengero cha masheya onse. Mu 2018 phindu pa sheya imodzi linali cha pa 58 tambala. Mu 2023 linali cha pa K10, mu 2024 cha pa K25. Sheya imene inkagulitsidwa K5.40 mu 2017 inapanga phindu loposa kanayi mtengo umenewo m'chaka chimodzi chokha. Masheya 30,000 amene malemu sanagule akanakhala ndi phindu la pafupifupi K750,000 mu 2024. Sikuti lonselo likanalowa m'thumba, chifukwa bodi imagawa gawo chabe, lina n'kulisunga kuti banki ikule, koma losungidwalo limaoneka pa mtengo wa sheya, umene unadutsa K100 mu 2023.

Wina anganene kuti kwacha ya 2024 si kwacha ya 2017, ndipo n'zoona. Inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Dola imene inali cha pa K725 mu 2017 inafika cha pa K1,750 pa mtengo wa ku banki. Ngakhale titero, K162,000 ya 2017 inali madola pafupifupi 220, pamene K750,000 ya 2024 inali madola opitirira 400. Amene anapirira anapindula ndithu, ngakhale osati mochuluka monga momwe makwacha amaonetsera.

Ndalama zimene zinadikira mwini wake

Funso la timapepala tolekezera panjira linali ndi yankho lachiwiri, losavuta koma lofala kwambiri. Dividendi itayambanso, sinkafika kwa banjali chifukwa keyala ya m'kaundula inali bokosi la positi la sukulu imene malemu anachokako kalekale, ndipo akaunti yawo inatsekedwa atamwalira. Ndalamazo zinalipo, zikudikira kwa osunga kaundula wa masheya, amene timawatchula kuti transfer secretary.

Njira yake inali iyi. Banja linatenga chikalata cha imfa ku National Registration Bureau. Popeza malemu sanasiye wilo, linafunika chikalata cha khoti chopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, motsata lamulo la chuma cha masiye la 2011. Anagwirizana kuti akhale mayi pamodzi ndi mwana wamkazi. Ndi mapepala amenewo tinalembera osunga kaundula, tinatsegula akaunti ya CSD, kumene masheya amasungidwa pa kompyuta kuyambira pamene msika unasiya kudalira masetifiketi a pepala mu 2018, ndipo tinapereka akaunti ya banki yoti dividendi izilowamo. Zakale zonse zinalowa pamodzi. Zimene zinachedwetsa kwambiri zinali za kukhoti, osati za ku msika. Panalinso vuto laling'ono loti dzina la pa setifiketi linali ndi zilembo zoyamba zokha pamene pa chikalata cha imfa panali maina onse, ndipo panafunika kulumbira kwa loya kuti ndi munthu mmodzi.

Ndinawafotokozeranso mmene angawerengere chilengezo cha dividendi akachiona m'nyuzipepala. Ya pakati pa chaka imalengezedwa ndi bodi yokha. Yomaliza imavomerezedwa ndi eni masheya pa msonkhano waukulu wa pachaka, ndipo iwo sangaikweze kuposa pamene bodi yanena. Chilengezo chimatchula tsiku lotseka kaundula: amene dzina lake lili m'kaundula tsiku limenelo ndiye amalandira, ngakhale atagulitsa mawa lake. Msonkho umadulidwa ndalama isanafike, ndipo kwa zaka zambiri wakhala 10 peresenti, kotero pa K10,000 mumalandira K9,000.

Kugulitsa kapena kusunga

Apa banja linagawikana, ndipo ine sindinapatse mbali iliyonse zonse zimene inkafuna.

Mwana wamwamuna ndinamuuza kuti kugulitsa zonse n'kudya ndi kubwereza mwa njira ina zimene zinachitika mu 2017, koma tsopano popanda fizi yokakamiza. M'dziko limene mitengo yakhala ikukwera ndi maperesenti oposa 20 pachaka kuyambira 2022, ndalama yogona mu akaunti imasungunuka, pamene masheya amenewa akhala akuthamanga kuposa kukwera kwa mitengo.

Koma mayi, amene ankafuna kuti pasakhudzidwe ngakhale sheya imodzi ndiponso kuti dividendi izilipirira adzukulu sukulu, ndinawachenjeza kwambiri, ndipo chenjezo limeneli ndikufuna anzanga a ntchito alimve. Phindu lalikulu la mabanki a kuno m'zaka zaposachedwa silikuchokera kwa amalonda ang'onoang'ono kapena kwa omanga nyumba. Gawo lalikulu likuchokera pa kubwereketsa boma. Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu February 2024, boma likubwereka kwambiri m'dziko momwe muno, ndipo pa malamulo a mpamba ngongole ya boma ya m'makwacha imawerengedwa ngati yopanda chiopsezo, choncho banki ikhoza kuiunjika osafunika kuonjezera mpamba monga ikabwereketsa munthu wa golosale. N'zokoma pamene boma likulipira. Ku Ghana boma litalephera, kumapeto kwa 2022 linasintha mapangano a ngongole zake za m'dziko, mabanki ambiri analuza, ndipo banki yaikulu ya kumeneko inawalamula kuti aimitse dividendi. Sindikunena kuti kuno zitero. Ndikunena kuti dividendi ya lero yatsamira pa wobwereka mmodzi wamkulu, ndipo si NBS yokha, ndi mabanki onse. Banja limene laona kale dividendi ikuima kamodzi lisamange fizi ya mwana pa iyo.

Palinso nkhani ya mtengo. Sheya ikakwera kwambiri, dividendi poyerekeza ndi mtengo wake imakhala yaing'ono. Komanso msika wathu ndi wochepa, makampani ake sakwana 20, ndipo tsiku limene aliyense akufuna kugulitsa, ogula amasowa.

Ndinawalangiza zinthu zitatu. Choyamba, agulitse gawo lochepa lokwanira kukonza denga la nyumba ya mayi, imene inali ikudontha, chifukwa chuma cha masiye chiyenera kuthandiza amoyo. Chachiwiri, pa dividendi iliyonse azipatula kagawo n'kukasunga padera, kuti tsiku limene kalata ina yonga ya 2017 idzabwere, kaya kuchokera ku banki ino kaya kwina, adzasankhe ndi mutu osati ndi thumba lopanda kanthu. Chachitatu, mwana wamkazi, amene ali ndi foni yabwino ndipo saopa manambala, aziyang'ana mizere itatu mu lipoti la pachaka: mpamba wa banki uli pamwamba bwanji pa 10 ndi 15 peresenti zija, ngongole zosabwezedwa zikukwera kapena zikutsika, ndipo pa chiwongoladzanja chonse chimene banki yapeza, chochokera ku boma ndi chingati.

Mayi anavomera zogulitsa za denga atakambirana ndi alamu awo kumudzi. Mwana wamwamuna sanasinthe maganizo, ndipo lamulo lili kumbali yake pa gawo limene ndi lake. Atagawana monga mwa chikalata cha khoti, tinamugulitsira lake pa mtengo wa tsikulo ndipo anagula njinga yamoto ya kabaza. Masheya otsala ali m'maina a mayi ndi mwana wamkazi, keyala ndi nambala ya foni ndi za mwanayo, ndipo tinamulembetsa kuti zilengezo za banki ndi kalata yoitanira ku msonkhano wa pachaka zizimufika pa imelo.